Malume Anga a Kaya

Maliro a malume anga a Lameki Mwale anayenda popanda nyimbo. Kwathu kwa Chulu zotere sizichitika. Ngakhale chidakwa chikamwalira, pamapezeka amayi angapo oyambitsa nyimbo kuti mtembo usapite ngati wa galu. Koma tsiku limenelo, kuchokera pa siwa kukafika kumanda, kunkangomveka mapazi a anthu ndi kulira kwa mateyala a ngolo. Abusa anali atatumiza mawu kuti mpingo sungayendetse mwambo wa munthu amene anatuluka yekha ndipo sanabwerere. Amayi a mpingo anabwera ndithu, ambiri, koma atavala zitenje wamba, mayunifolomu awo oyera atawasiya kunyumba. Anati abwera kudzapepesa mnzawo, a Nabanda, akazi a malume.

Kumanda, adzukulu atatsitsa bokosi, mwana wa malume Gilbert, msuweni wanga amene amaphunzitsa ku sekondale ku Lilongwe, anapatsidwa mpata wolankhula m'malo mwa banja. Anathokoza anthu, kenako anati, "Bambo anga anali munthu wolimba mtima. Anazindikira kalekale kuti kumwamba kulibe aliyense, ndipo sanaope kunena."

Anthu anang'ung'udza. A Nabanda, amene anali atakhala pansi pakati pa amayi, anadzutsa mutu. Mayi wofedwa salankhula kumanda, koma iwo analankhula.

"Gilbert, usawanamizire abambo ako ali m'dzenje. Sanafe nazo zimenezo."

Gilbert anakhala pansi osamaliza. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinkadziwa kuti onse awiri sananame. Malume ananenapo ndithu kuti Mulungu kulibe. Koma n'zoonanso kuti sanafe nazo.

Ana ambiri a m'mudzi mwathu sankadziwa n'komwe kuti dzina lawo ndi Lameki. Ankawatcha a Kaya. Munthu akati, "Chaka chino fodya agulidwa bwino, Mulungu akalola," iwo ankayankha kuti, "Kaya." Wina akati wakuti wachira chifukwa cha mapemphero, iwo, "Kaya." Sankanena monyoza. Ankanena motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, ngati munthu amene wafunsidwa njira ya kumudzi kumene sanapiteko. Anthu anayamba kuwatcha dzinalo mowaseka, iwo analilandira, ndipo mwana akawapatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Kaya?" ankayankha bwinobwino.

Anali aatali, owonda, a manja akuda ndi utomoni wa fodya umene sunkachoka ngakhale m'chilimwe. Sankasuta. Ankati fodya ndi wogulitsa, wopusa ndi amene amawotcha mbewu yake. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ndipo ngolo imeneyo inanyamula odwala ambiri a m'mudzi mwathu kupita nawo kuchipatala. Munthu akabwera kudzagogoda, sankafunsa kuti ndi wa mpingo uti, ankangopita kukhola. Wodwala akachira n'kubwera kudzawathokoza kuti, "Mulungu akudalitseni," ankati, "Thokozani ng'ombe, ndi zimene zinatuluka thukuta." Anali aukalinso. Mbuzi ya mnansi ikalowa m'munda mwawo, mudzi wonse unkamva. Anakhalapo nyengo yonse ya dzinja osalankhulana ndi amayi anga, mlongo wawo, chifukwa cha malire a dimba.

Pa chakudya, a Nabanda ankapemphera. Malume ankasamba m'manja n'kudikira. Sankatsinzina, sankati ameni, koma sanayambepo kudya pemphero lisanathe. Mlendo akayamba kudya msanga, ankamugwira dzanja. "Dikirani. Amayi akulankhula."

Ndili mtsikana ndinawafunsapo ngati amakhulupirira kuti Mulungu aliko. Tinali tikusankha fodya, masamba ofiira uku, akuda uko. Nthawi imeneyo anali ndi yankho lina, lisanafike la kaya lija. Anandiuza za esiteti ina ya ku Chisemphere kumene anakhalako ngati tenanti asanakwatire. Anati esiteti ija inali ndi mwini wake, palibe ankakayika. Mitengo ya bulugamu inali itadzalidwa m'mizere, malire anali atadulidwa bwino, zonse zinkaonetsa kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kuganiza. Koma mwini wakeyo ankakhala kutauni. Mwana wako akadwala, ukuwe bwanji, sankamva. Mvula ikawononga denga, sankadziwa. Amene ankaoneka anali akapitawo okha, aliyense akunena kuti bwana wandituma.

"Dzikoli ndi choncho, mphwanga," anatero. "Analikonza, analiika m'mizere, kenako anapita. Mvula imagwa yokha, dzuwa limatuluka lokha. Kupemphera ndi kukuwira munthu amene ali kutali."

Fanizo limeneli linafika m'makutu mwa a Chirwa, mkulu wa mpingo wathu, amene anali mnzawo wa malume kuyambira ali anyamata. A Chirwa anabwera pa njinga, osatsika n'komwe bwinobwino.

"Ndamva kuti ife ndife akapitawo."

"Inenso ndinali kapitawo mnzanu," anayankha malume. "Ndinkanena kuti bwana wandituma, chonsecho nkhope yake sindinaionepo."

"Lameki, udzafa."

"Nanunso, a Chirwa. Khalani pansi, amayi aphika mbatata."

A Chirwa anakhala, anadya mbatata, anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Zinkatero kawirikawiri. Sindikumbukira tsiku limene mmodzi anagonja.

Zoti malume anali mkulu wa mpingo, achinyamata a masiku ano amazimva ngati nthabwala. Koma anali, ndipo anali mlaliki wodziwika. Ankayenda pa njinga mpaka midzi ya kufupi ndi Nkhamenya kukalalikira, atavala jekete lakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mawu awo ankamveka kunja kwa tchalitchi popanda zokuzira mawu. Amayi anga amati malume akamapemphera, unkaganiza kuti amene akulankhula naye wakhala pa benchi yakutsogolo.

Anali ndi ana awiri, Gilbert ndi mlongo wake Esnati. Esnati anali wa msinkhu wanga, tinkasewera limodzi fulaye. Anali ndi matenda akugwa. Ankatha kuseka nanu, mwadzidzidzi maso atembenuka, wagwa, akuphupha. Anali ndi chipsera pamkono cha tsiku limene anagwera pamoto. Malume anakana zopita naye kwa asing'anga, ngakhale achibale anawakakamiza. Ankakatenga mapiritsi ku boma akapezeka, ndipo ankasala kudya, kumupempherera, kumuika manja.

Loweruka lina Esnati anagwa kawiri. Lamlungu m'mawa anadzuka ali wofooka, ndipo a Nabanda anati atsala naye pakhomo. Koma tsiku limenelo malume ndi amene ankalalikira, kunali alendo ochokera ku mipingo ina, ndipo sanafune kuti anthu aone malo a akazi awo ali opanda munthu.

"Tiyeni," anatero. "Mwana wagona. Amene amamusunga masiku onse amusunganso lero."

A Nabanda anavala, anatseka chitseko, anapita. Ine ndinali m'tchalitchimo. Ndikukumbukira kuti ulaliki unali wonena kuti Mulungu sawodzera, amayang'anira ana ake usana ndi usiku, ndipo anthu anavomera mokweza. Nthawi yomweyo Esnati anali atadzuka, n'kuona kuti mitsuko ilibe madzi. Anafuna kuti makolo ake akabwera apeze madzi. Anatenga ndowa kupita kumtsinje. Amayi ena ochokera kutchalitchi ndi amene anamupeza, atagwa chafufumimba m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, ndowa ili pambali pake.

Kumanda, abusa atamaliza, anapempha bambo wa mwana kuti atseke ndi pemphero, poti anali mkulu wa mpingo. Malume anaimirira atavala jekete lawo lija. Anatsinzina. Anati, "Atate," n'kusiya. Tinadikira. Kunali zii, mpaka ena anayamba kutsegula maso. Kenako anatsegulanso awo, anayang'ana anthu, anayang'ana kumwamba, n'kufunsa ndi mawu wamba, ngati akufunsa mnzawo:

"Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Anakhala pansi pa dothi lofiira la manda. A Chirwa ndi amene anamaliza pempherolo. Kuyambira tsiku limenelo malume sanapondenso m'tchalitchi.

Nyengo yotsatira ndi imene Gilbert ankanena pa maliro a bambo ake ija. Malume anauza amayi anga, ine ndikumva, kuti kumwamba kuli mitambo basi, kuti anataya unyamata wawo kulalikira mphepo. Anayamba kumwa kachasu, munthu amene sankalawa ngakhale thobwa lowawasa. Fodya wawo anaonongeka m'munda. Akulu a mpingo anawaitana kangapo, iwo osapita, mpaka anawadula. Zinatero kwa zaka zingapo. Kenako anasiya mowa okha, popanda wowauza. Nditakula anandifotokozera chifukwa chake.

"Tsiku lina ndinadzipeza ndili m'munda ndikumutukwana mokweza, khasu lili m'manja. Ndinadzifunsa kuti, ngati kulibe, ndikutukwana ndani? Munthu sukwiyira malo opanda kanthu. Ndinaona kuti ndikudzinamiza. Sikuti ndinkadziwa kuti kulibe. Ndinkafuna kumulanga."

Apo ndi pamene anafika pa fanizo la mwini esiteti lija, ndipo anakhala nalo nthawi yaitali. Linkawapatsa mpumulo. Ngati Mulungu anapita kutali, ndiye kuti sanaimirire pamtsinje paja n'kumangoonerera. Koma atakalamba analisiyanso. Anati mwini esiteti wa ku Chisemphere ankadziwika kuti alipo chifukwa lole yake inkabwera kudzatenga mabelo. "Uyu lole yake sindinaionepo. Ndikayang'ana mbewu ya fodya, kanthu kochepa ngati fumbi, n'kuona kuti mukutuluka chomera chondipitirira msinkhu, mtima umati pali amene anakonza. Ndikakumbukira mwana wanga, umati palibe. Mtima womwewo. Ndiukhulupirire pati?" Kuyambira pamenepo yankho lawo linali limodzi lija.

Gilbert atabwera kuchokera ku koleji ananena poyera kuti iye sakhulupirira. Ankayembekezera kuti bambo ake akondwera. Anawauza kuti maganizo onse amene anadutsamo ali ndi mayina m'mabuku: pali onena kuti Mulungu analenga n'kuchoka, pali onena kuti kulibe, pali onena kuti sizingadziwike. Malume anamvetsera, n'kunena kuti n'zabwino kumva kuti si okha amene anasowa tulo.

"Koma iwe ukuti kulibe," anatero. "Wafufuza kuti?"

"Bambo, munthu amene akunena kuti chinthu chilipo ndi amene ayenera kuchionetsa. Ine sindingayende dziko lonse kufunafuna chinthu chimene palibe anachionapo."

"Ndiye nena kuti sunachione. Usanene kuti kulibe."

"Nanga inu mukusiyana nane pati? Simupemphera. Simupita kutchalitchi. Mwana akadwala mumamangirira ng'ombe, simugwada. Moyo wanu ndi wa munthu amene akudziwa kuti kulibe. Kaya wanuyo ndi mantha chabe, mukuopa kumaliza mawu."

Malume anaimirira, anapita kukhola, ndipo Gilbert anabwerera ku Lilongwe osatsanzikana nawo. Patapita masiku, malume anandiuza kuti mwanayo anawalasa penipeni. "Mwina ndi mantha ndithu," anatero. "Koma ndinakhalapo wotsimikiza kawiri. Koyamba ndinataya mwana. Kachiwiri ndinatsala pang'ono kudzitaya ndekha. Sindifunanso." Gilbert atamva zimenezi anati kulumidwa ndi njoka sikusandutsa chingwe kukhala njoka. Nkhaniyo sanaithetse mpaka imfa.

Mkangano wopweteka kwambiri unali wa iwo ndi a Nabanda, ndipo unali wa chete. Zaka zonsezo a Nabanda ankapita kutchalitchi okha, kukhala pakati pa amayi anzawo amene amuna awo anali mbali inayo. Ankapempha mpingo kuti upempherere mwamuna wawo mpaka anthu anatopa nazo. Kamodzi kokha ndinawamva akutulutsa zimene zinali pansi pa mtima. Malume anali atanena zina zokhudza tsiku la Esnati, zoti kumwamba kunali zii. A Nabanda anasiya lichero limene ankapeta.

"Abambo a Gilbert, Mulungu sanandichotse pakhomo tsiku lija. Munandichotsa ndinu."

Ndinkaganiza kuti malume akalipa. Sanatero. Nkhope yawo inagwa.

"N'zoona," anatero. "Ndinakuchotsani ndine. Ndipo ndinakuchotsani chifukwa ndinkamudalira."

A Nabanda anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Amayi anga mpaka lero amati nkhani yonse yagona pamenepo, kuti mchimwene wawo analephera kudzikhululukira ndipo anasenzetsa Mulungu mtolo wake. Mwina akunena zoona. Koma ine ndinaona munthu amene sanakanepo mlandu wake, ndipo funso lake linatsalabe.

Malume anayamba kudwala fodya atangomaliza kuthyoledwa. Mkodzo unkawavuta, kenako msana, kenako miyendo inatupa. Kuchipatala cha ku boma anawasunga pang'ono n'kuwabweza ndi mankhwala ochepetsa ululu. Tonse tinamvetsa tanthauzo lake. Ine ndinkapita kukathandiza a Nabanda kuwatembenuza ndi kuwasambitsa.

Masana ena kunabwera a Chirwa, atakalamba nawonso, akuyenda ndi ndodo. Anakhala pa mpando pafupi ndi mphasa. Sanabwere kudzakangana.

"Lameki, ndalankhula ndi abusa. Akuti sakufuna zambiri. Ungonena pamaso panga kuti ukukhulupirira ndipo ukubwerera. Mawu amodzi. Zotsalazo ndikonza ndine."

Malume anapukusa mutu pang'onopang'ono.

A Nabanda anagwada pambali pa mphasa, n'kuwagwira phazi lotupalo. Sindinawaonepo akupempha chinthu kwa mwamuna wawo mwa njira imeneyo.

"Abambo a Gilbert, ndakhala nanu moyo wanga wonse. Sindinakusiyeni muli pa kachasu. Ndikupempha chimodzi chokha. Ine ndikufuna tikapezane. Esnati ali kumeneko, inenso ndikupita kumeneko. Mukufuna tikakhale awiri, inu kulibe?"

Malume analira. Misozi inkatsikira m'makutu chifukwa anagona chagada.

"A Nabanda, ndikanakhala ndi mawuwo ndikanakupatsani kalekale. Ndawafunafuna. Ndikanena tsopano, ngati aliko adziwa kuti ndanama. Ngati kulibe, ndiye kuti ndanamiza inu, pa mphasa yanga yomaliza. Musandipemphe zimenezo."

"Ndiye mukuti kulibe?"

"Sindinatero. Ndikuti sindikudziwa. Pempherani inuyo. Ine ndimvetsera."

A Nabanda anapemphera atagwira phazi lija. Linali pemphero lalitali, losokonekera, lina lodandaula, lina ngati akukalipira amene ankamupemphayo. Malume anali maso, akuwayang'ana. Atamaliza, anatambasula dzanja n'kuwagwira pamutu. A Chirwa anatuluka, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta maso ndi chipewa. Anakafotokoza zonse ku bwalo la akulu a mpingo, anachonderera kuti munthu amene walola pemphero pa mphasa yake sanatseke chitseko. Akuluwo anati malamulo ndi malamulo: kumvetsera si kuvomereza. Malume anamwalira sabata yotsatira, m'mawa, anthu akupita kumadimba. A Chirwa anayenda kumbuyo kwa ngolo mpaka kumanda, osavala jekete la ukulu, ndipo sanalankhule.

Ine ndimapitabe kutchalitchi, ndimaimba nawo. Koma mlaliki akakweza mawu motsimikiza kwambiri, ndimayang'ana pansi. Gilbert amandiimbira foni kufunsa za amayi ake; ndikawapatsa, iwo amayankha mafunso ake mwachidule n'kubweza foniyo. A Nabanda anasiya kupita kumapemphero a amayi a pakati pa sabata. Lamlungu amapita, amakhala kumbuyo, amatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Sananene kuti akwiyira ndani.

Dzulo ndinadutsa pamunda wa malume, uli kuseri kwa mudzi panjira yopita kuchigayo. Minda yonse yozungulira yagalauzidwa, mizere yatsopano ikudikira mvula. Wawo wokha uli momwe anausiyira. Ziputu za fodya wa chaka chatha sizinazulidwe, zaima m'mizere yake, zouma, zotuwa ndi fumbi. Alangizi anabwera kudzanena kuti zizulidwe chifukwa zimasunga matenda, achibale anadzipereka kuti akagwire ntchitoyo, koma a Nabanda anakana. Anati ndi zomaliza zimene mwamuna wawo anadzala ndi manja ake. Pakati pa mundawo pali kamsasa ka udzu kamene malume ankabisalamo dzuwa, denga lake laterera mbali imodzi, ndipo chiswe chayamba kukwera nsanamira. Mkati muli chigubu chopanda madzi ndi mwala wonolera khasu, wokumbika pakati. Mbuzi za anthu zimalowa n'kutuluka momwe zifunira, palibe wozikalipira. Ndinaima pamenepo kanthawi, mphepo yotentha ikuomba ziputu zija. Zina mwa izo zaphuka timasamba tobiriwira m'munsi, ngakhale mvula sinagwe.